Passo ya mileage yochepa, koma mkati mwake mukundikayikitsa

Wogulira anthu magalimoto, Luchenza:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo msanga chifukwa andipatsa mpaka Lachisanu. Mphunzitsi wina wandituma kuti ndimupezere galimoto yosamwa mafuta, ndipo ndapeza Toyota Passo ya 2012, ya injini ya 1KR ija ya masilinda atatu, imene ikuonetsa makilomita 68,000 okha. Injini ikulira bwino, giyabokosi yake ya otomatiki ya CVT sikugwedeza, blue book ndi COF zilipo. Chimene chandikwiyitsa n'chakuti mipando yonse aiveka ma seat cover atsopano, chiwongolero achikulunga, pansi ayalapo makapeti a labala, ndipo athiramo perefyumu wochita kuwawitsa mutu. Nditapempha kuti tivule cover ya mpando wa dalaivala, dobadoba amene akuyendetsa malondawa anakana, akuti anaisokerera ndipo ikang'ambika ndilipira ndine. Iye akuti galimotoyi inali ya mayi wina amene ankangopita nayo ku ofesi ku Blantyre, koma labala wa popondera buleki wadyeka mbali ya kumanja mpaka chitsulo chikuonekera. Kodi pa makilomita amenewa labala angathe chonchi? Ndiyang'ane pati pamene sangathe kubisa?

Makaniko wa pa Chitakale:
Achimwene, labala ameneyo wakuuzani kale zoona, chifukwa pa makilomita 68,000 mizere yake imayenera kukhala ikuonekabe. Komanso musakhulupirire mukadzapeza labala watsopano kwambiri pa galimoto yakale, popeza kusintha kwake n'kotchipa. Musalimbane nawo za cover. Khalani pa mpando wa dalaivala, kenako pa wa pambali, mumve kusiyana kwake, ndipo mukanikize ndi dzanja mphepete ya mpando ya kuchitseko, pamene munthu amakhuza potsika. Siponji ikaphwa mumachita kugwira chitsulo, ngakhale pamwamba ataveka nsalu yokongola bwanji. Mukokenso lamba wa dalaivala mpaka kumapeto n'kumusiya. Ngati akubwerera mwaulesi ndipo m'mphepete mwake mwachita ubweya, galimotoyo yayenda ndithu.

Mwini matakisi, Bvumbwe:
Inu mukutaya nthawi ndi mipando. Galimoto ndi injini ndi giyabokosi basi. Mpando telala amasoka tsiku limodzi, koma CVT ikafa mphunzitsi wanuyo adzaiimika pansi pa mtengo chaka chathunthu. Ngati injini sikufuka utsi ndipo ikukwera zitunda za ku Thyolo popanda kulira modandaula, lipirani.

Wosoka mipando ya galimoto, Thyolo boma:
Bambo a ku Bvumbwe, ine ndi amene ndimasoka mipandoyo, ndipo ndikuuzeni kuti anthu ambiri amabwera kwa ine patatsala masiku ochepa kuti agulitse galimoto, osati poti akufuna kukhala pabwino. Achimwene a ku Luchenza, yang'anani mpando wakumbuyo. Galimoto ya munthu mmodzi wopita ku ofesi imatha mpando wa dalaivala wokha, wakumbuyo umakhala wolimba. Galimoto imene yachita matola imaphwa mpando wonse wakumbuyo kuyambira chitseko ichi kufika icho, pakati pomwe, chifukwa amapanikizapo anthu anayi, ndipo mpando wakutsogolo umapendekera kwa dalaivala poti amakhalapo awiri. Pisani dzanja pakati pa chotsamira ndi pokhalira, mutulutse zimene mupezemo. Ine ndinatsegulapo mpando wa Vitz imene ankati ndi ya abusa, ndipo m'menemo munatuluka chimanga, nandolo ndi timitu ta matemba, zoonetseratu kuti inkasenza katundu wa pa msika wa Limbuli. Otsuka galimoto amafika pamene maso amaona pokha. Muonenso zogwirira za m'denga, mapulasitiki a mu buti ngati anakalika ndi matumba, ndiponso ngati zitseko zakumbuyo zikutseka kamodzi kapena mpaka kuzimenyetsa.

Wamagetsi a galimoto, Mulanje boma:
Ine chimene chikundiopsa si matola ayi, koma perefyumuyo pamodzi ndi makapeti atsopano. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, magalimoto amene analowa madzi kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre sanatayidwe onse, ena anaumitsidwa n'kubwerera pa msika. Kunabwera Sienta pa galaja yanga imene mawindo ake ankatsika okha, ndipo nyali ya airbag inkayaka n'kuzima mwa kufuna kwake. Mwini wake anali atasintha kale batire ndi alternator popanda phindu. Titachotsa mpando n'kutukula kapeti, tinapeza thonje la pansi lija lidakali lonyowa, lochita chuku, matope ofiira atauma m'makona, ndipo mapulagi a pansi pa mpando anali atabiriwira. Galimoto yotere simaichiritsa kamodzi, lero yafa ichi, mawa icho. Choncho tengani tochi mugwade. Muunike njanji zimene mpando umayendamo ndi mabawuti ake anayi: dzimbiri pamenepo si labwino, ndipo mitu ya mabawuti ikaoneka kuti inagwidwapo ndi sipanala, funsani chimene anachotsera mipando. Lamba uja mukamukoka yense, muone ngati ali ndi mzere wa madzi akuda chakumapeto. Mutsegulenso malo a tayala la sipeya, mupake chala m'makona, muone ngati mutuluke mchenga wosalala. Pomaliza mutseke mawindo onse, galimoto ikhale padzuwa kwa kanthawi, kenako mulowe n'kuyatsa fani. Fungo la chinyontho limaposa perefyumu aliyense.

Mwini matakisi, Bvumbwe:
Kuno kwathu mvula ndi chiperoni sizisowa, ndiye ndi galimoto iti imene ilibe chinyontho? Zanga zonse zimanunkha nthochi ndi nsapato zonyowa, koma zikugwira ntchito tsiku lililonse pa msewu wa ku Limbe. Ndanena kale kuti amvere injini.

Makaniko wa pa Chitakale:
Akulu, palibe amene wanena kuti injini isayesedwe. Nkhani ndi yakuti mtengo akuutchula potengera makilomita 68,000, ndipo ngati mkati mukuonetsa kuti galimoto yayenda kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndiye kuti CVT imene mukuidera nkhawayo nayonso yayenda chimodzimodzi, mwinanso pa mafuta amene sanasinthidwepo. Pa za chinyontho mwalondola pang'ono, chifukwa si kunyowa kulikonse kumene kuli kwa madzi osefukira. Kapeti ikanyowa kutsogolo mbali ya pasenjala yokha, kawirikawiri ndi kapaipi kotulutsa madzi a AC kamene katsekeka, ndipo zimenezo n'zosavuta. Koma madziwo akakhala oterera, a mtundu wa pinki ndi fungo lotsekemera, ndiye kuti heater ikudontha coolant, ndipo kuti muifike mpaka dashibodi yonse itsike.

Woitanitsa magalimoto ku Japan, Thyolo:
Funsani export certificate, pepala la boma la Japan lotulutsira galimoto kunja, limene linabwera ndi galimotoyo. Kumeneko galimoto imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo pepalalo limaonetsa makilomita amene analembedwa pa kuyesa komaliza. Ngati inachoka ku Japan ili kale pafupi ndi nambala imene mukuionayo, funso lanu layankhidwa. Auction sheet, pepala lofotokoza mmene galimoto inalili poigulitsa pa okushoni ku Japan, ikapezeka muone giredi ya mkati, ngati ndi A, B kapena C, ngakhale kuti mapepala amenewa anthu ena amawakonza pa kompyuta. Muyang'anenso timapepala ta kusintha oil timene a ku Japan amamata pa chitseko cha dalaivala, chifukwa obweza mileage nthawi zina amatiiwala. China chimene ndimachenjeza aliyense ndi nyali ya airbag. Mukatembenuza kiyi iyenera kuyaka kwa masekondi ochepa n'kuzima. Ikapanda kuyaka n'komwe, wina anaiphimba kapena kuichotsa, ndipo mwina m'chiwongolero chokulungidwacho mulibe kanthu.

Wogulira anthu magalimoto, Luchenza:
Ndawaimbira za export certificate, akuti inatsala kwa mwini woyamba ndipo sakudziwa kumene ali. Ndawauza kuti popanda kutukula kapeti ndi kuvula cover imodzi sindibweretsa ndalama za munthu. Akuti andiyankha madzulo.

Mwini matakisi, Bvumbwe:
Mukazengereza ena aitenga, chifukwa Passo ya injini yabwino siikhalitsa pa msika masiku ano.

Wamagetsi a galimoto, Mulanje boma:
Aitenge, bambo, si ndalama za achimwene a ku Luchenza zimene zikupita pamenepo, ndi za mphunzitsi amene mwina watenga ngongole. Achimwene, akakulolani kuyang'ana, musapite madzulo kapena mvula ikugwa, ndipo musavomere kuti akupezereni okha makaniko. Mukatukule kapeti ya kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, osati ya kutsogolo yokha, chifukwa madzi amakhalitsa pamalo otsika amenewo ndipo oumitsa ambiri safikapo.