Thanki yowonjezera mu RV-7 pa ulendo wautali: iikidwe pati?

Akuluakulu odziwa ndege zomanga pakhomo, ndithandizeni nzeru. Ndege ndi Van's RV-7, injini Lycoming O-360 ya kabyuleta, mphamvu ya mahatchi 180. Matanki a m'mapiko amatenga magaloni 42. Pa mphamvu ya 65%, mafuta atachepetsedwa bwino, imamwa pafupifupi magaloni 8.5 pa ola. Mukasiya osungira a mphindi 45, otsala ndi a maola anayi okha, ndiye mphepo yakumaso ikakula ulendo wafupika.

Chovuta ndi malo a thanki yowonjezera. Kumbuyo kwa mipando kumaloledwa mapaundi 100, koma mafuta a m'mapiko akamatha CG (pakati pa kulemera kwa ndege) imasunthira kumbuyo. Magaloni 15 ndi mapaundi 90, thanki yosawerengera. Kodi mumayamba kupopera amenewo m'thanki ya m'phiko mukangofika pamwamba? Paipi yotulutsa mpweya wa m'thankiyo mumaidutsitsa kuti, fungo la avgas (mafuta a ndege) lisadzaze mkati mwa ndege?

Chinanso, kabyuleta sigawa mafuta mofanana. Silinda imodzi ikafika pachimake pa EGT (kutentha kwa utsi wotuluka mu injini), zina zidakali kutali, injini n'kuyamba kunjenjemera. Kutsegula carb heat (mpweya wotentha wolowa mu kabyuleta) pang'ono kumathandizadi, CHT (kutentha kwa mutu wa silinda) osapitirira 400°F?