Buku la Boetti la mitsinje 1,000 lasomphoka chikuto, nditani nalo?

Womanga mabuku, Johannesburg:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Kasitomala wabwera ndi chibuku chonenepa cha chikuto cha nsalu yofiira, chikutocho chasomphoka kumsana mbali ya kutsogolo. Akuti ndiike china chatsopano, ndidulenso m'mphepete poti mapepala achita chikasu. Poyamba ndimayesa ndi buku la kusukulu: tsamba lililonse mtsinje umodzi, kumene ukuchokera, kumene ukuthira, ndi kutalika kwake. Zambezi ndamupezamo. Koma nditaona nambala yolemba pamanja ndi siginecha ya Alighiero Boetti, chaka 1977, mtima unagunda, ndinayamba ndaliika pambali.

Mayi wa ku laibulale:
Achimwene, mwachita bwino. Mpeni usayandikire bukulo. Boetti anali mmisiri wa zaluso wa ku Italy, anabadwira ku Turin mu 1940, n'kumwalirira ku Rome mu 1994. Iye ndi mkazi wake Anne-Marie Sauzeau anayamba mu 1970 kufufuza mitsinje 1,000 yotalikitsitsa pa dziko lonse, ndipo makope anasindikiza 500 okha. Luso lake lagona pa ganizo: akatswiri sagwirizana za kutalika kwa mtsinje womwewo, ena amayezera apa, ena apo, mayina nawo amasintha mtsinje ukamadutsa mayiko. Ndiye buku lenilenilo, mmene linatulukira, ndilo chinthu chaluso chimene anapanga. Mukalidula mwaonongeratu.

Bambo wa kosindikiza:
Koma mayi, mwini wake wanena chimene akufuna. Ife timalipidwa pochita zimene watiuza. Guluu wa PVA kumsana, mawa alitenge.

Mayi wa ku laibulale:
Ayi bambo, PVA akauma sachoka bwino, wodzakonza m'tsogolo adzang'amba nsalu. Mwina mwiniyo sakudziwa chimene ali nacho. Boetti ameneyu ndi uja wa mapu a dziko opetedwa ndi amayi a ku Afghanistan, dziko lililonse ndi mbendera yake. Anafika ku Kabul mu 1971, anatsegulako kahotela, ndipo asilikali a Soviet Union atalowa mu 1979 ntchitoyo inadzapitirira ku Peshawar, m'dziko la Pakistan. Mitsinje yomweyi anaipetetsanso pa nsalu yaikulu. Muuzeni zimenezi kaye musanagwire chilichonse.

Mkulu wopuma pantchito:
Mwana wanga, ine ndinadulapo buku lakale la munthu ndili mnyamata, mpaka lero chimandiwawa. Chita chonchi. Jambula zithunzi za mbali zonse, makamaka pa siginecha. Phika phala lopepuka la sitachi ya tirigu, ulisefe pa kansalu, lizizire. Tenga pepala lopyapyala la ku Japan, uling'ambe ndi kamzere ka madzi, osati lumo, kuti tiulusi ta m'mphepete tigwire bwino. Ulilowetse pansi pa nsalu yakaleyo pomwe pasomphokapo, phala pang'ono chabe, poti utoto wofiira ukhoza kusuluka ndi chinyezi. Yesa kaye pa kangodya kobisika. Selotepi ayi. Chikasucho chisiye. Kenako ulipangire bokosi la katoni yopanda asidi, lizigona chogona, chifukwa kulemera kwa masambawo ndi kumene kwakoka chikuto.

Womanga mabuku, Johannesburg:
Zikomo akulu, zikomo mayi. Kasitomala uja ndamuimbira, ndamufotokozera zonse. Anakhala chete kanthawi, kenako akuti bukulo anasiyiridwa ndi malemu amalume ake, sankadziwa. Wavomera bokosi, ndipo zoti ndilidule m'mphepete zatheratu. Ndayesa kangodya ndi thonje lonyowa, utoto sunatuluke. Phala ndiphika usiku uno.