Tsiku la gofu la kampani: tisewere motani kuti mphoto isangopita kwa mabwana?

Mayi Nachisale, Moatize: Anzanga okonza zochitika, ndabwera ndi mutu wanga. Kampani ina yonyamula malasha yandipatsa ntchito yokonza tsiku la gofu mu Okutobala. Osewera alipo 24. Mwa iwo 6 ndi akatswiri, handicap yawo (nambala yosonyeza luso la wosewera, yomwe imachepa munthu akamadziwa kusewera) siposa 12, ena 10 amasewera mwa apo ndi apo, ndipo 8 sanagwirepo n'komwe ndodo ya gofu. A chefe akuti mphoto ikhale yoti aliyense angaipate.

Bambo Phiri, Ulónguè: Mayi, tengani Stableford. Simuwerenga kuti munthu wamenya kangati bwalo lonse, mumapereka mapointi pa dzenje lililonse mutachotsa handicap yake: par (kuchuluka kwa kumenya komwe dzenjelo linaikidwira) ndi 2, bogey (kupitirira par ndi kumenya kumodzi) 1, birdie (kuchepera par ndi kumenya kumodzi) 3, kupitirira bogey palibe kanthu. Dzenje likakukanika umangotola mpira n'kupita kutsogolo. Frank Stableford anaikonzera anthu otaya mtima msanga, ndipo mpikisano wake woyamba unachitika ku Wallasey ku England mu 1932.

Achimwene Zuze, Tete: Bambo Phiri, ndi ulemu wonse, apa Stableford sigwira. Anthu 8 aja handicap aitenga kuti? Pa World Handicap System (WHS), ndondomeko ya dziko lonse yoperekera handicap yomwe inayamba mu 2020, munthu amayenera kupereka zotsatira za maenje 54 asanapatsidwe nambala. Ngakhale mutawapatsa yapamwamba, ya 54, wongoyamba kumene azingotola mpira dzenje ndi dzenje, mapointi ziro, mabwana ake akumuyang'ana. Chaka chamawa simudzamuonanso. Komanso dzuwa la Okutobala kuno mukulidziwa, limafika madigiri 40.

Ine ndikuti scramble ya anayianayi. Onse amenya, timu isankha mpira womwe wagwa pabwino, onse akamenyeranso pomwepo, mpaka ulowe. Wongoyambayo akaphonya palibe chatayika, koma akalowetsa putt (kumenya kogudubuzira mpira m'dzenje) imodzi ya mamita atatu, timu yonse ikamunyamula.

Bambo Phiri: Ndavomera za dzuwazo. Koma scramble imasanduka masewera a munthu mmodzi, katswiri akumenya, atatu akungomuperekeza ngati opita kudimba.

Achimwene Zuze: Mankhwala ake alipo. Lamulo likhale loti pa maenje 18, mpira woyamba wa munthu aliyense usankhidwe kosachepera katatu. Pa khadi ikani kadanga kolembamo dzina la mwini mpirawo. Muwachenjezenso atsogoleri a matimu asasungire wongoyambayo maenje atatu omaliza, chifukwa pamenepo manja amanjenjemera, mpira n'kugudubuzika mamita khumi okha, ndipo timu iyenera kuutenga womwewo.

Mayi Nachisale: Nanga matimu ndiwagawa bwanji? 8 sagawika pa 6.

Achimwene Zuze: Katswiri mmodzi pa timu iliyonse. Matimu anayi akhale ndi apakati awiri ndi woyamba mmodzi, awiri otsalawo akhale ndi wapakati mmodzi ndi oyamba awiri. Matimu awiri amenewa apatseni akatswiri oposa onse. Musawalole kusankhana okha, mabwana adzaunjikana timu imodzi.

Mayi Banda, Songo: Ndiwonjezere za masamu. Pa scramble ya anayi, WHS imalangiza kutenga 25% ya handicap yotsikitsitsa, kenako 20%, 15% ndi 10% ya yokwereretsa. Tiyerekeze timu ili ndi 8, 18, 24, ndipo woyambayo mwamupatsa 36. Zikhala 2 kuphatikiza 3.6 katatu, zonse 12.8, ndiye pa zomwe timu yamenya muchotsa 13. Oyamba onse apatseni nambala imodzimodzi, pasakhale zokondera.

Koma amene angakusokonezeni ndi apakati aja. Wina adzati "ine ndi 24" pomwe amamenya ngati wa 14. Aliyense atumize umboni wochokera ku kalabu yake sabata imodzi tsikulo lisanafike. Wopanda umboni mpatseni 18, adandaule, zithera pomwepo.

Bambo Phiri: Ndagonja. Chokhacho, akatswiri musawasiye manja lende. Ikani kamphoto ka wofikitsa mpira pafupi ndi mbendera pa dzenje limodzi la par 3.

Mayi Nachisale: Zikomo nonse. Ndapita ndi scramble, matimu 6, onse kuyamba nthawi imodzi 6 koloko m'mawa, timu iliyonse pa dzenje lakelake, madzi ozizira pa maenje atatu aliwonse. Mayi Banda, mayina ndi ma handicap ndikutumizirani usiku uno, mundiwerengere.