Mwana akufuna Oxford koma ILR sinatuluke, tipange bwanji?

Admin ndiponyereni mosatchula dzina chonde.

Abale anga a m'gulu muno, makamaka inu muli kuno ku UK, ndigawireni nzeru. Ine ndimasamalira okalamba ku Leeds, ndinabwera pa Health and Care Worker visa, ndipo mwana wanga wamkazi ananditsatira ngati dependant. Panopa ali Year 12, chaka choyamba cha A level. Aphunzitsi ake akuti mutu ukugwira, ma A atatu sangamuvute, ndiye amuuza kuti ayesere zamalamulo ku Oxford. Chiyambire tsiku limenelo mwana sakugona, usiku onse ali pa thebulo la kukhitchini ndi mafunso a LNAT, mayeso a ofuna malo a zamalamulo, nsima mpaka kuzizira pambali.

Nkhawa zanga ndi ziwiri. Yoyamba, ILR yathu, chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, ikubwera mochedwa kuposa nthawi yoti iye ayambe, ndipo ndamva kuti popanda iyo amalipiritsa ngati mlendo. Ndi zoona? Yachiwiri, kodi mwana wa munthu wamba ngati ine angakhale bwino kumeneko, kapena ndikukamutaya pakati pa ana a mabwana? Bambo ake akuti asiye zolota, apite ku Leeds komweku azigona pakhomo. Ine mtima sukundilola kumuletsa.

Mayankho

Nesi wa ku Leicester:
Achemwali, zimene mwamvazo ndi zoona, ndipo anthu ambiri amadzazidziwa mwana atalandira kale malo. Kuti alipire ngati wa konkuno nthawi zambiri pamafunika zinthu ziwiri pamodzi: akhale ndi ILR kapena unzika, komanso akhale atakhala muno zaka zitatu maphunziro asanayambe. Wa konkuno m'chaka cha 2025/26 amalipira £9,535, ndipo Student Finance imamubwereketsa. Wakunja ku Oxford ndi mapaundi opitirira 35,000 pa chaka, fizi yokha, ngongole ya boma palibe. Ndi malipiro athu a ma shifti zimenezo musaziyerekeze n'komwe. Dziwaninso kuti lamuloli si la Oxford yokha. Bambo akewo akamati apite ku Leeds, fizi ya mlendo ikamupeza komweko. Werengani za UKCISA, bungwe lolangiza ophunzira ochokera kunja, ndi amene amafotokoza malamulowa bwinobwino, kenako lemberani ofesi ya fizi ku yunivesite muwauze madeti anu enieni. Ambiri amangomupumitsa mwana chaka chimodzi akamaliza A level, agwireko ntchito, mapepala atuluke, adzalembe magiredi ali m'manja. Koma tcherani khutu, chifukwa mu May 2025 boma linatulutsa ganizo lokweza zaka zodikira ILR kuchoka pa 5 kufika pa 10.

Mtsikana amene anaphunzira ku Cambridge:
Mayi, ine ndiyankhe za moyo wake, poti ndinadutsamo ndipo amayi anganso ndi ogwira ntchito m'chipatala. Ana a mabwana aliko, sindinama. Mukumva mnzanu akufunsa kuti holide ino mukasewera kuti pa chipale, inu mukuganiza za tikiti ya basi. Koma si iwo amene amasowetsa tulo. Chosowetsa tulo ndi ntchito. Teremu ndi masabata 8 okha, ndipo sabata iliyonse umalemba nkhani imodzi kapena ziwiri, n'kukakhala m'chipinda ndi mphunzitsi, ophunzira awiri kapena atatu basi. Ku Oxford amati tutorial, kwathu timati supervision. Mulibe kobisala mmenemo. Wanena mfundo, akufunsa chifukwa chake, wayankha, akufunsanso. Kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uzigwetsa maso pansi, chimenechi chinandivuta kuposa mabuku. Teremu yoyamba ndinkangoti inde, inde, mpaka mphunzitsi wina anandiuza kuti akufuna ndimutsutse.

Ndiye mwana wanuyo muyambe kumulola kukangana nanu pa tebulo, za nkhani za pa wailesi, za milandu, chilichonse. Ma interview a mu December amafuna zimenezo, kuona mmene munthu amaganizira akapanikizidwa, osati zimene waloweza.

Zina ndi zosekesa chabe. Ku Oxford mayeso amalemba atavala mkanjo wakuda ndi malaya oyera. Chakudya chamadzulo china amadalitsa m'Chilatini. Ndipo musayembekezere kuti azigwira ganyu n'kumakuthandizani, chifukwa nthawi ya teremu salimbikitsa ntchito za pambali. Akafika alowe African Caribbean Society, kumeneko ndi kumene ndinapeza wondiluka tsitsi ndi anzanga omvetsa kuti mpunga wopanda ndiwo si chakudya.

Malume a ku Area 25:
Inu bwanji osangomubweza mwanayo ku Zomba? Maloya onse amene akutizunguza mitu kunowa anadutsa pa Chanco, ndipo palibe amene anawafunsa ILR 😂

Mwini funso:
Malume, mwana anachoka asanalembe MSCE, ndipo bambo ake ndi ine tonse tili kuno. Akakhala ndi ndani? Musandisekese ndili pa break.

Mphunzitsi wa sixth form ku Manchester:
Mayi, ndionjezere za kalembedwe, chifukwa apa m'pamene makolo athu amagwa. Fomu ya UCAS yofunsira malo ku Oxford ndi Cambridge imatseka pa 15 October, pamene ena ali ndi mpaka January. Sangalembe konse kuwiri chaka chimodzi, asankhe kumodzi, ndipo malo anayi otsalawo aikepo mayunivesite ena abwino, osati kungodzaza. Oxford imalandira makalata opitirira 23,000 pa malo pafupifupi 3,300, kotero ana ambiri a ma A okhaokha amabwezedwa. Muuzeni zimenezi panopa, asadzaone ngati dziko latha.

Koma zinthu zasintha kusiyana ndi kale. Mwa ana a muno amene amatengedwa, pafupifupi awiri mwa atatu tsopano amachokera ku sukulu za boma, ndipo amayang'ananso dera limene mwana akukhala ndi mmene sukulu yake imakhozera. Pa mapulogalamu othandiza ana ofuna malo, pali UNIQ ya Oxford yomwe ndi yaulere kwa ana a Year 12 a sukulu za boma, palinso Target Oxbridge ya ana akuda. Ku Cambridge kuli Stormzy Scholarship yomwe inayamba mu 2018. Chilichonse mwa izi chili ndi malamulo ake a mapepala, choncho awerenge asanasangalale. Afunse aphunzitsi sabata ino, mafomu amenewa amatseka msanga.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndamuonetsa mwanayo ndipo za kupuma chaka sanazikane, ngakhale nkhope yagwa. Bambo ake za Leeds aja angoti zii. Funso lina kwa aphunzitsi a ku Manchester: ndi bwino alembe October akubwerayu n'kupempha kuti malo amusungire chaka chimodzi, kapena adikire magiredi enieni? Ndipo akadikira, LNAT ayenera kulembanso chaka chimenecho?