Shafiti ya chigayo ikuvina, ndaphonya pati?

Yamikani, Ndirande: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndigawireni nzeru mutu waima kuno. Ndasema shafiti ya chigayo cha kasitomala wa ku Lunzu, chitsulo ndi EN8, ma bearing ndi UCP208 nde pokhala bearing ponse pawiri ndasiya pa 40mm ndendende, micrometer, choyezera kunenepa kwa chitsulo, ikuvomera. Koma titamanga kungoliza mota chigayo chikunjenjemera mpaka mabawuti kumasuka okha, bearing ya ku pule yatentha yosagwirika ola lisanakwane. Ndaibweza pa lathe, makina osemera chitsulo, ndaika wotchi ija yoyezera kuvina kwa shafiti, dial gauge, singano ikuyenda 0.18mm. Mwini wake foni siikupuma, akuti anthu akubwerera ndi matumba a chimanga.

Bambo Phiri, Makata: Mphwanga tandiuza kaye, unagwira ndi chuck yanji, chija chogwira chitsulo pa lathe, komanso mbali zonse unasema osamasula kapena unatembenuza?

Yamikani: Ya mano atatu madala. Ndinamaliza mbali imodzi kenako kutembenuza, magetsi anathimanso pakati nde mbali inayo ndinasema mawa lake.

Gift, Chirimba: Ine ndikukaikira tailstock, ija yochirikiza shafiti kumapeto kwa lathe, aise, mwina yachoka pa mzere

Bambo Phiri: Ayi Gift, tailstock ikachoka pa mzere shafiti imatuluka yonenepa uku yowonda uku, taper, koma siivina. Yamikani wanena kuti 40mm ili ponse pawiri. Vuto ndi kutembenuzako. Chuck ya mano atatu ngakhale yabwinobwino imaphonya pakati ndi 0.05 mpaka 0.1mm, nanji zathu zakalekalezi zomwe zadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Ukamasula n'kugwiranso, pakati pa lero si pakati pa dzulo, nde mbali iliyonse payokha ndi yozungulira bwino, micrometer isangalala, koma ziwirizo sizikuzungulira pa mzere umodzi. Ndipo dziwa kuti 0.18 ya pa wotchi ikutanthauza kuti pakati pasuntha ndi theka lake, 0.09mm. Kumaso ndi kanthu kochepa ngati tsitsi limodzi, koma chigayo chimathamanga cha m'ma 3000 rpm, kuzungulira ka 3000 pa mphindi, bearing ndi imene imamva kuwawa.

Thoko, Ginnery Corner: Achimwene musanaimbe mlandu kutembenuza kokha tsukani chuck. Chotsani mano onse atatu, mupeza tizidutswa ta chitsulo tadzadza mu scroll, mbale ya mizere yoyendetsa manowo mkatimo, tasakanikirana ndi girizi ngati phala. Pobwezera onani manambala, dzino 1 pa malo 1, 2 pa 2, 3 pa 3, ana a attachment amakonda kusokoneza zimenezi. Mukatero gwirani gudgeon pin ya injini, ija ndi yowongoka, muyeze pamenepo muone chuck yanu ikunama zingati.

Gift: Zandikumbutsa bwana wina ndinkamugwirira ntchito ku Joni, ankadzaza yekha zipolopolo za mfuti yake yosakira nyama, chilichonse amachigoneka pa tima roller n'kuchizunguza ndi chala wotchi ili pamwamba. Singano ikapyola 0.003 inchi amachiika pambali, akuti chikalowa mopendama chimakagweranso mopendama. Imeneyo ndi 0.08mm chabe kkkk ife tikumanga chigayo ndi 0.18

Yamikani: Sisi Thoko mumanena zoona, zomwe zatuluka mu chuck zadzadza chivindikiro cha botolo. Pin poyamba inkawerenga 0.12 pano 0.06. Koma pali china, ndagoneka shafiti pa ma V-block, zitsulo zogonekapo zooneka ngati V, pokhala ma bearing paja, ndayeza pakati pafupi ndi ma disc a nyundo, singano yafika 0.25mm. Nde izi zikuchokera kuti?

Bambo Phiri: Ma disc unawotcherera liti?

Yamikani: Nditamaliza kusema. Mnyamata wanga ndi amene anawotcherera, anayamba mbali imodzi mpaka kumaliza kenako inayo

Bambo Phiri: Eee basi, matenda ndi awiri. Weld ikamazizira imakoka chitsulo kupita komwe kuli iyoyo, shafiti yapindika ngati nthochi. Iyi siipulumuka chifukwa wafika kale pa 40mm palibe chotsala choti udye. Ena akuuza kuti dzadzitsa ndi weld usemenso, kapena tsitsa pa 35mm uike UCP207, ine sindivomera, shafiti yonyamula nyundo siichepetsedwa dala. Gula chitsulo china. Boola ma centre, timabowo ta pakatikati pa nsonga za shafiti, mbali zonse ziwiri, sema mosamalizitsa usiye 2mm pamwamba, wotcherera ma disc pang'onopang'ono mosinthanasinthana mbali, uisiye izizire yokha osathira madzi, kenako umalize pakati pa ma centre ndi dog, kachitsulo kogwira shafiti kuti izizungulira limodzi ndi lathe. Pamenepo ngakhale utembenuze kakhumi mzere ndi womwewo. Pokhala ma bearing ndi pa pule pasapyole 0.02mm.

Thoko: Ndipo nyundo muziyeze pa sikelo, zoyang'anizana zilemere mofanana, apo ayi chigayo chivinabe shafiti ili yowongoka.

Yamikani: Ndamva madala, dog ndilibe koma. Chitsulo ndigula ndi ndalama yanga sindingamuuze kasitomala alipirenso

Bambo Phiri: Tuma mwana adzatenge yanga mawa isanakwane 8, abwere ndi pin ija ndiyezenso chuck yanga, nanenso ndatha zaka osaitsegula.