Thandizeni: denga la Cadillac Eldorado ya 1976 likukwera mopendekera

Akuluakulu odziwa magalimoto akale, ndithandizeniko nzeru. Galimoto yake ndi ija yochotsa denga, ya injini ya V8 ya malita 8.2, yokoka ndi matayala akutsogolo. Ndi chimphona chenicheni cha ku Detroit, kwa Cadillac komwe anayambitsa sitata yamagetsi mu 1912, choncho kuikonza mwachisawawa n'kuilakwira.

Denga la magalimoto aakulu a GM (General Motors, kampani yomwe ndi mwini wa Cadillac) a 1971 mpaka 1976 siliyendera mafuta a haidiroliki. Mota imodzi imazunguza makebulo awiri opita ku magiya a mbali zonse. Pano mota ikulira bwinobwino, koma kumanzere kukutsalira. Kodi n'kebulo yatha kunsonga kapena mano a giya aperepeseka? Nanga posintha, mbali ziwirizo mumazilinganiza bwanji kuti zitsulo zisapindike?