Kodi wodwala kolesitelo asiyiretu mtedza?

Abale, ndithandizeni maganizo. Bambo anga anakayezetsa magazi mwezi watha, ndipo adokotala anati kolesitelo wawo (mafuta a m'magazi), makamaka woipa uja amati LDL, wakwera kwambiri. Anawauza kuti achepetse mafuta. Kungochokera tsiku limenelo bambo anasiyiratu mtedza umene ankautafuna madzulo aliwonse, moti kabotolo kawo kangokhala pashelefu, kodzaza.

Chikundisokoneza ndi ichi. Ndikudziwa kuti mafuta si amodzi. Aja a nyama yonona, batala ndi mafuta a kokonati, omwe amaundana akazizira, ndi amene amakweza LDL, ndipo bungwe la WHO limati asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zomwe munthu amapeza m'chakudya patsiku. Oopsa kwambiri ndi aja amati trans fat, opezeka m'zakudya zina zopangidwa m'mafakitale. Koma mafuta ambiri a mu mtedza wathuwu komanso mtedza wakunja monga almond ndi walnut ndi a mtundu wina, wothandiza mtima, ndipo walnut ali ndi mafuta abwino aja amati omega-3.

Ndiye kodi si bwino kuti bambo achepetse nyama yonona koma mtedza azidyabe? Vuto n'lakuti thupi lawo ndi lalikulu kale, ndipo kadzanja kamodzi ka mtedza, pafupifupi magalamu 30, kali ndi makalori oposa 160. Amadwalanso BP, choncho wothira mchere ndikuuopa.

Amene munadutsamo kapena muli m'zachipatala, mumadya wochuluka bwanji patsiku? Nanga wokazinga ndi wophika, pali kusiyana? Ndikufuna ndikawafunse adokotala nditamvetsa kaye, chifukwa zikundipweteka kuwaona bambo akuopa chakudya chilichonse.